Mng'ono wanga akumuganizira multiple sclerosis: kodi tikamuyezetse kachilombo ka m'malovu?

"Adokotala, ndine mphunzitsi kuno ku Mangochi, mbali ya ku Namwera. Mng'ono wanga wa zaka 28, mayi wa ana awiri, anakwatiwa kunyanja chakufupi ndi Monkey Bay. Chaka chatha diso lake lakumanzere linachita chifunga, likumapweteka akaliyendetsa, koma patapita mwezi linayera lokha. Pano ndi miyendo. Dzanzi linayambira kumapazi lafika m'chiuno, akuyenda chokoka mwendo wakumanja, ndipo mkodzo ukumuvuta kuugwira. Dokotala wina anatchula multiple sclerosis, koma anati sangatsimikize asanamujambule. Achimwene athu ali ku Joni anawerenga pa intaneti kuti ofufuza apeza kuti matendawa amayamba ndi kachilombo kofala m'malovu, ndiye akufuna kutumiza ndalama kuti tikamuyezetse kachilomboko kuchipatala cholipira. Apongozi ake atangomva zimenezi amupatulira kapu ndi mbale, ana akuwaletsa kudya naye. Ena akuti anaponda mankhwala. Tiyambire pati?"

Aphunzitsi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi mawu oti mukawatulire apongozi aja lero lomwe. Multiple sclerosis, imene madokotala timangoti MS, sipatsirana. Munthu sangaitenge pomwera kapu imodzi, podyera mbale imodzi, pogona mphasa imodzi, ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Ana aja abwerere pa mbale ya mayi awo. Munthu amene miyendo ikumukana ali kale ndi mantha okwanira, ndipo kumusala pakhomo pake pomwe kumandipweteka mtima kuposa matenda enieniwo.

Chachiwiri n'chofulumira kuposa nkhani ya kachilombo. Dzanzi lokwera kuchokera kumapazi mpaka m'chiuno, mwendo wolemera ndi mkodzo wosamvera, zitatuzi zikakumana zimaloza ku mtsempha waukulu umene umadutsa mkati mwa mafupa a msana. Mtsempha umenewu ukakhalitsa uli wotupa kapena wopanikizika, zina zimene wataya sizibwereranso. Kaya wauvulaza ndi MS kaya ndi china, mng'ono wanu akafike kuchipatala chachikulu cha boma pa Mangochi sabata ino. Musadikire kuti ndalama za ku Joni zifike kapena kuti sukulu zitsekere.

Mitsempha ya mu ubongo, ya kumaso ndi ya mumsana inakutidwa ndi kachikopa ka mafuta kotchedwa myelin, monga mmene waya wa sola amakutidwira ndi pulasitiki. Makoswe akakukuta pulasitikiyo babu imayamba kuphethira, pena kuzimiratu, batire ili bwinobwino. Pa MS okukutawo ndi asilikali a m'thupi la wodwala mwini wake, amene asokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi kachikopa kaja. Pamalo pamene agwira pamatupa, kenako pamapola n'kusiya chipsera. N'chifukwa chake diso limatha kuchita chifunga masabata angapo n'kuyeranso, ndiye patapita miyezi kapena zaka vuto n'kutulukira pena. Odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba choncho, kugwa n'kudzuka. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anawafotokoza bwino matendawa mu 1868. Mu 2020 bungwe la MS International Federation linawerengera anthu 2.8 miliyoni odwala MS padziko lonse, akazi awiri pa mwamuna mmodzi aliyense, ndipo ambiri amayamba kudwala ali pakati pa zaka 20 ndi 40. Ndiye dokotala amene anatchula dzinali kwa mayi wa zaka 28, amene diso linamupweteka poliyendetsa kenako n'kugwidwa miyendo, sanalankhule zam'mutu. Mumufunse mng'ono wanuyo ngati nthawi ija chinthu chofiira, monga tomato, chinkaoneka chotuwa akachiyang'ana ndi diso lodwalalo. Ngati zinali choncho akawauze madokotala, chifukwa ndi chizindikiro chakuti unatupa ndi mtsempha wa kuseri kwa diso.

Achimwene anu sananame. Kachilomboko kalipo, dzina lake ndi Epstein-Barr kapena EBV, ndipo mbiri yake inayambira kuno ku Africa. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za chotupa chimene chinkafufumitsa nsagwada za ana. Ndi khansa yomwe ija imene mpaka lero ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa ana a ku Malawi, makamaka kumadera a malungo ambiri ngati kwanu kunyanja. Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo katsopano m'zidutswa za chotupa choterechi zochokera ku Uganda. Kachilomboka kakalowa m'thupi sikatulukanso. Kamabisala moyo wonse m'gulu lina la asilikali a m'magazi otchedwa B cells, ndipo nthawi ndi nthawi kamatulukira m'malovu.

Kwa zaka zambiri ofufuza ankakaganizira kuti kakukhudzidwa ndi MS, koma umboni unkavuta, poti pafupifupi aliyense ali nako. Panafunika kupeza anthu ochuluka amene analibe kachilomboka, n'kuwatsata zaka ndi zaka kuti aone chimene chimayamba, kachilombo kapena matenda. Gulu la Alberto Ascherio ku yunivesite ya Harvard linawapeza anthuwo ku usilikali wa dziko la America. Kumeneko msilikali amayezedwa HIV polowa ntchito komanso pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo magazi otsala amasungidwa m'mafiriji. Ofufuzawa anatsata asilikali oposa 10 miliyoni amene anagwira ntchito pakati pa 1993 ndi 2013. Mwa iwo 955 anadwala MS, ndipo magazi a 801 anali okwanira kuwayeza. Mwa 801 amenewa, mmodzi yekha ndi amene analibe EBV pamene matenda ankayamba. Mwa 801 omwewo munali 35 amene polowa usilikali analibe kachilomboka, ndipo 34 mwa iwo anakatenga kaye MS isanaonekere. Atawerengetsa anapeza kuti kutenga EBV kunakweza chiopsezo cha MS maulendo 32. Kachilombo kena kofala m'malovu momwemo, kotchedwa CMV, sikanakweze chiopsezocho. Ndipo chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti mitsempha yayamba kuonongeka chinkakwera pokhapokha munthu atatenga kale EBV. Zimenezi zinatuluka m'magazini ya Science mu Januwale 2022, wotsogolera kulemba ali Kjetil Bjornevik. Mwezi womwewo ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa m'magazini ya Nature kuti kachigawo kena ka EBV kamafanana ndi kachigawo kena ka mu ubongo wa munthu, moti mwa odwala ena asilikali a m'thupi polimbana ndi kachilombo amagwira ndi ubongo womwe. Mu 2025 Ascherio analandira mphoto ya Breakthrough Prize pamodzi ndi Stephen Hauser, amene anaonetsa kuti kuchepetsa ma B cell kumaletsa MS kubwererabwerera.

Kwa ine ameneyu ndi kafukufuku wolimba kwambiri amene ndawerengapo pa matenda a mitsempha, ndipo ndimakhulupirira kuti popanda EBV, MS siyamba kawirikawiri. Koma manambala omwewo tawayang'anani kumbali inayo. Asilikali 10 miliyoni, pafupifupi onse ali ndi kachilombo, odwala MS osakwana 1,000. Padziko lonse akuluakulu pafupifupi 95 mwa 100 alionse ali ndi EBV. Kuno kwathu timakatenga tili makanda, mayi akalawa phala ndi supuni yomwe akudyetsera mwana, agogo akatafunira mdzukulu, ana akamalandirana bango limodzi, ndipo mwana sadwala n'komwe. Choncho apongozi amene apatula kapuwo mosakayika ali nako kuyambira ali kumsana kwa mayi awo. Alamu anu ali nako, inu muli nako, ine ndili nako. Mukakamuyezetsa mng'ono wanu adzakuuzani kuti ali nako, ndipo mudzatuluka pachipatalapo ndalama zitapita musanadziwe chilichonse chatsopano. Mankhwala ochotsa kachilomboka m'thupi kulibe, ndipo katemera wake akadali poyesedwa. Wina akakugulitsani botolo kuti limapha EBV, akukuberani.

Kuti kachilombo kafike poyambitsa MS pamafunika zina zoonjezera. Pali chibadwa china, chofala kwambiri pakati pa azungu a kumpoto kwa Ulaya, chimene chimakweza chiopsezo pafupifupi katatu. Pali kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa, kunenepa kwambiri paunyamata, komanso kutenga EBV mochedwa, munthu ali kale mnyamata kapena mtsikana, pamene kamadwalitsa zilonda zakukhosi, mwanabele ndi kutopa kwa masabata. MS ndi yochuluka kumayiko ozizira monga Scotland, Canada, Norway ndi Sweden. M'zaka za m'ma 1960 dokotala Geoffrey Dean anapeza ku South Africa kuti inali yochuluka mwa azungu obwera kuchokera ku Ulaya, yocheperako mwa azungu obadwira komweko, ndipo yosowa kwambiri mwa anthu akuda. Koma tisamati khungu lakuda ndi chitetezo. Kafukufuku wa ku California wa mu 2013 anapeza kuti akazi akuda kumeneko ankadwala MS kuposa akazi achizungu. Ndipo kuno, kumene makina ojambulira ubongo ndi madokotala a mitsempha ndi ochepa, odwala ena amangolembedwa kuti sitiroko, ena sapita n'komwe kuchipatala. MS kuno ndi yosowa, koma ilipo.

Komabe pa ntchito yanga, mayi wa kunyanja akabwera ndi miyendo yotere, MS siikhala yoyamba m'mutu mwanga. Ndimayamba ndi likodzo. Ambiri timalidziwa ngati matenda okodza magazi a ana a sukulu, koma mazira a nyongolotsi zake nthawi zina amasochera n'kukakhala mu mtsempha wa mumsana, makamaka cha kumunsi, ndipo zotsatira zake ndi kupweteka kwa msana, dzanzi, miyendo kufooka ndi mkodzo kuvuta. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka ku Peace Corps anadwala atasambira ku Cape Maclear, wina mazira ali mu ubongo, winayo mumsana. Mu 2017 ndi 2018 ofufuza anapezanso m'gombe la Mangochi nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo mtundu umenewu umadziwika kwambiri ndi kugwira msana. Mayi amene amachapa, kutsuka mbale ndi kusamba kunyanja tsiku lililonse angathe kukhala nalo osaonapo dontho la magazi mumkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu zanu, pamodzi ndi ena ochepetsa kutupa, ndipo akayambidwa msanga anthu amayendanso. Apa pali posamala. Kupeza mazira mumkodzo wa munthu wa kunyanja sikutseka nkhani, chifukwa ambiri kumeneko ali nawo, ndipo likodzo silifotokoza bwino za diso lija. Madokotala angathe kumupatsa praziquantel kwinaku akufufuzabe, ndipo kutero n'kolondola.

Kenako pamabwera TB ya msana, imene kawirikawiri imadza ndi ululu wa pamalo amodzi pamsana, thukuta la usiku ndi kuonda, ndipo imatha kuoneka pa X-ray. Pamabwera HIV, ndipo ayezetsenso ngakhale anayezetsa ku sikelo ya mwana womaliza. Pamabwera chindoko chakale chimene sichinachizidwe, ndi kuchepa kwa vitamini B12. Ngati akumwa kapena anamwapo mankhwala a TB anene, chifukwa ethambutol amatha kuononga maso ndipo isoniazid amabweretsa dzanzi kumapazi. Anthu ena adzakuuzani za chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, chimene chinalumalitsa anthu ambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981. Matenda amenewo amaumitsa miyendo yonse iwiri mwadzidzidzi, amagwira anthu angapo m'mudzi umodzi, ndipo kawirikawiri sabwera ndi dzanzi lokwera, choncho sakufanana ndi zimene mwalemba.

Pali matenda ena amene ndikufuna mulembe dzina lake papepala: neuromyelitis optica, kapena NMO. Nawo amayamba ndi asilikali a m'thupi osokonezeka, koma amakonda malo awiri enieni amene mwatchulawo, mtsempha wa diso ndi wa mumsana, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu, makamaka akazi. Kale ankawasokoneza ndi MS mpaka mu 2004 pamene ofufuza a ku Mayo Clinic ku America anapeza chizindikiro chake m'magazi. Amamenya mwamphamvu kuposa MS, ndipo mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amawakulitsa. Ngati mng'ono wanu anakhalapo masiku angapo akusanza popanda chifukwa chodziwika, akanene, chifukwa NMO imachita zimenezo. Kuyeza kwake kumatchedwa aquaporin-4, ndipo afunse madokotala ngati magazi angatumizidwe ku labu imene imayeza zimenezi. Ndalama za achimwene anu zigwire ntchito apa, pa thiransipoti, ndi pa kujambula.

Pachipatala cha boma angathe kuyeza HIV, chindoko, shuga, kuchuluka kwa magazi, mkodzo ndi chimbudzi, n'kujambula msana ndi chifuwa. Kuchokera apo apemphe kalata yomutumiza ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Chojambulira chimene chimaona zipsera za MS ndi MRI. X-ray siziona, ndipo CT scan imaziphonya kawirikawiri. Makina oyamba a MRI anafika ku Queens mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Madokotala omutumizawo aimbe kaye kuti adziwe kumene angajambulidwe komanso tsiku lake, kuti musakwere minibasi ulendo wonsewo ndi munthu wovutika mkodzo n'kubwerera chabe. Ajambule ubongo ndi msana womwe.

Adzapemphanso kutenga madzi a pamsana, ndipo ndikudziwa kuti pamenepa abale ambiri amanyamula wodwala wawo n'kuthawa. Ndaona agogo atagwira chitsulo cha bedi akulira kuti mdzukulu wawo asabayidwe, poti wachibale wina anabayidwa pamsana n'kumwalira mawa lake. Wachibaleyo anaphedwa ndi matenda oumitsa khosi amene anafika nawo mochedwa, osati singano. Singanoyo imalowa cha kumunsi, pamene mtsempha waukulu uja unathera kale, ndipo madzi otengedwa ndi ochepa, thupi limabwezeretsa tsiku lomwelo. Chimene chimachitika nthawi zina ndi mutu kupweteka masiku angapo munthu akadzuka, n'kuleka akagona. Madzi amenewo ndi amene amathandiza kusiyanitsa TB, chindoko, likodzo ndi MS. Mukakambirane ndi alamu anu ndi apongozi musananyamuke, kuti asakakanire pa wodi.

Zikakapezeka kuti ndi MS, musaone ngati mwalandira uthenga wa maliro. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma odwala ambiri amalera ana awo, kugwira ntchito ndi kukalamba. Matenda akabuka amapatsidwa methylprednisolone wamphamvu pa diripi kwa masiku 3 mpaka 5, kuti kutupa kuphwe msanga. Chonde musamugulire prednisolone pa golosale kapena pamsika chifukwa choti mwawerenga izi. Mankhwala amenewa akaperekedwa kwa munthu wa TB yosadziwika, TB imayaka ngati moto, ndipo amakwezanso shuga. Oletsa matenda kubwerera aliponso. Mu Julaye 2023 bungwe la World Health Organization linaika atatu pamndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri: rituximab, cladribine ndi glatiramer acetate. Rituximab amachepetsa ma B cell aja mmene EBV imabisala, amaperekedwa pa diripi pafupifupi miyezi 6 iliyonse, ndipo amagwiranso pa NMO. Ndi wodula, ndipo amafooketsa chitetezo, choncho asanamuyambe ayenera kuyezedwa HIV, TB ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Posankha mankhwala otere pamafunika dokotala wa mitsempha.

Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa. Mtsempha wosupuka umalephera kwambiri thupi likatentha, moti mu Okutobala ndi Novembala masana mwendo ungalemere ndipo diso lingachitenso chifunga, madzulo n'kukhalanso bwino. Kumeneko si kubuka kwatsopano. Asambe madzi ozizira a pamjigo, osati a kunyanja, ndipo ntchito zolemetsa azigwira m'mamawa. Malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo amadzutsanso zizindikiro zakale mofananamo, choncho thupi likatentha ayambe wayezetsa zimenezo. Kubuka kwenikweni ndi chizindikiro chatsopano, kapena chakale chokula, chimene chapitirira maola 24 popanda kutentha thupi. Asachepetse kumwa madzi poopa kudzikodzera, chifukwa zimenezo zimaitana matenda a m'chikhodzodzo. Mafizo ayambe akadali m'chipatala, osadikira kuti achire kaye. Ngati pakhomopo pali wosuta, azikasutira kutali.

Za ana musade nkhawa. Mwa ana 100 obadwa kwa kholo la MS, amene amadzadwala ndi 2 mpaka 4 okha, ndipo amenewa ndi manambala a kumayiko kumene matendawa ndi ofala. Kubereka n'kotheka. Matenda amakonda kugona m'miyezi yomaliza ya pakati n'kudzuka m'miyezi itatu yoyamba mwana atabadwa, ndipo mankhwala ena sagwirizana ndi pakati, ndiye ngati banjalo likufuna mwana wina likambirane ndi dokotala kaye.

Amene akuti anaponda mankhwala akufunafuna chifukwa, monga mmene inu mukuchifunira, ndipo sindikuwanyoza. Vuto ndi lakuti matenda ogwa n'kudzuka amanamiza. Diso lija linayera lokha, koma akanakhala kuti anatemera sabata imeneyo, aliyense akanayamika mphini, ndipo lero akanabwereranso komweko mtsempha ukuonongeka. Mwendo wadzanzi sumva kupweteka, choncho mphini zimatukusira mwini wake osadziwa, ndipo kuthowa ndi madzi otentha kwasiya odwala anga ena ndi zilonda zamoto zimene zinatenga miyezi kupola. Mapemphero apitirire, kaya ndi kumzikiti kaya kutchalitchi, koma khungu la miyendoyo lisachekedwe kapena kuotchedwa.

Musadikirenso ngakhale tsiku limodzi ngati mkodzo watsekeka osatuluka, ngati walephera kuima, ngati dzanzi lakwera kufika pachifuwa kapena lagwira manja, ngati akubanika kapena kutsamwa pomeza, kapena diso lililonse likayambanso kuchita chifunga. Pamenepo ndi galimoto yopita kuchipatala usiku womwewo. Popita atenge kabuku kake ka kuchipatala, akale omwe ngati alipo, ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa chaka chino, a zitsamba omwe. Inu poti ndinu aphunzitsi, khalani naye pansi mulembe patsamba limodzi mwezi umene diso linayamba, masabata amene linatenga kuti liyere, tsiku limene dzanzi linayamba, mmene lakwerera, ndi tsiku limene mkodzo unayamba kuvuta. MS imatsimikizidwa poona kuti mitsempha yagwidwa malo osiyana pa nthawi zosiyana, ndipo dokotala amene ali ndi mzere wautali panja adzapeza pa tsamba lanulo zimene sakanatha kuzifunsa m'mphindi zochepa. Zotsatira zikatuluka mundilembere, tidzaone limodzi chochita.